Che Uladi Wosambitsa Maliro

Kwa Mposa, m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Chikala, mwamuna wachisilamu akatsikira kulichete anthu sankataya nthawi kufunsana kuti amusambitsa ndani. Ankangoti, "Kawauzeni Che Uladi." Uthenga ukawapeza atakwera kale njinga, dengu la matemba a ku Chilwa lili kumbuyo, ankatembenuka pomwepo, nsomba n'kumadikira pakhonde mpaka maliro atalowa m'manda. Ogula a ku Liwonde ndi ku Balaka ankadandaula, koma iwo ankayankha kuti wamoyo akhoza kudya mawa, wakufa sadikira mawa.

Anali munthu wamfupi, wa zikhatho zazikulu ngati zobwereka. Pamsika pakamwa pawo sipankaterapo ntchentche. Ankanyoza nsomba za anzawo eni ake ali pomwepo, eni akewo n'kumaseka nawo. Khadi la chipani ankalisunga m'kofia, ndipo ayufi apachipata cha msika akalifuna, ankavula kofiayo mwaulemu wonse ngati alonjera apongozi. Nthabwala zawo zinkathera pomwepo, poti zinali zaka zija munthu ankayamba wacheuka asanatsokomole.

Mkazi wawo Lukiya anamwalira chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda wapansi pamene pankadutsa mabwato. Sanawasiyire mwana. Che Uladi ananyamula mphasa yawo kuchoka kuchikamwini, nabwerera kwawo, namanga kanyumba pafupi ndi mlongo wawo wamng'ono, Kulusumu. Za kukwatiranso anazikana kwamtuwagalu. Ankadziphikira okha, kudzitungira okha madzi, mudzi wonse n'kumawaseka.

"Achimwene, mukundichititsa manyazi," ankatero Kulusumu. "Anthu aziti ndimakumanani chakudya."

"Iyayi, mchere wako umachuluka," ankayankha iwo, uku akukoleza moto wawo.

Ntchito yosambitsa anaiphunzira kwa amalume awo, Che Bakari. Thupi limafunditsidwa nsalu kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo. Wosambitsa amakulunga dzanja m'kansalu, amafinya mimba pang'onopang'ono kuti zotsalira zituluke, kenako amatsuka, kuyambira kumanja. Madzi onse amagwera m'kadzenje kokumbidwa pansi pa mphasa, ndipo ntchito ikatha kadzenjeko kamakwiriridwa. Lamulo lalikulu Che Bakari ankalinena akuloza ndi chala: wosambitsa ali ndi manja, koma alibe maso, alibe pakamwa. Chimene wachipeza pathupi la m'bale wako chimapita ndi madzi m'dzenje. Che Uladi analisunga lamuloli kuposa mmene ankasungira njinga yawo, ndipo anthu ankawakonda chifukwa cha chimenecho.

Koma manja amadziwa zinthu. Zaka zikupita, manja a Che Uladi anayamba kukumana ndi chinthu chimodzimodzi pa matupi a amuna aimvi. M'munsi mwa mchombo pankakhala potupa, polimba ngati dzungu. Miyendo inkakhala yofufuma, thupi lonse litatha. Ndipo pakati pa miyendo pankakhala kansanza komangidwa ngati thewera la khanda, konunkha mkodzo wamasiku, nthawi zina kamagazi. Ankakamasula mwakachetechete, kukaponya m'dzenje owathandiza asanaone, n'kuuza wina kuti awonjezere lubani pamoto. Panja anthu n'kuti akufotokozerana kuti malemuwa wawapha ndi msana, ena ati ukalamba, ena ati alodzedwa chifukwa cha munda wa mpunga. Aliyense wa amuna amenewa anafa akuganiza kuti chamanyazichi chinagwera iye yekha padziko lonse. Munthu mmodzi yekha kwa Mposa ankadziwa kuti n'ngochuluka, ndipo ameneyo analibe pakamwa.

Mwamuna wa Kulusumu anali Che Swaibu, mlimi wa mpunga, wamtali, wa mawu okoma pa sikiri, nyimbo zachisilamu zotamanda Mulungu zija. Iye ndi Kulusumu anakalambira limodzi, mpaka zidzukulu. Kumzikiti malo ake anali mzere wakutsogolo, phewa ndi phewa ndi mlamu wake. Chaka china mvula itangotha, Che Uladi anaona kuti mlamu wawoyo wayamba kuima mzere wakumbuyo, pafupi ndi khomo. Kenako anayamba kutuluka swala isanathe. Kenako analekeratu kubwera. Munthu amene madzi akumudonthera osamva, ankaganiza Che Swaibu, angaime bwanji pamaso pa Mulungu? Udhu, kusamba kuja kokonzekera swala, unkamuthera asanafike n'komwe pakhomo la mzikiti.

Tsiku lina masana Che Uladi akumata chubu cha njinga pansi pa mtengo wa mango, Che Swaibu anabwera akuyenda motangadza, nakhala pa mtondo wogwetsa. Anayamba ndi za mbalame zimene zinkatha mpunga. Anadzera ku mtengo wa matayala. Atazungulira mokwanira, anatsitsa mawu.

"Alamu, ndikufunseni. Mwa anthu onse mwasambitsa aja, alipo amene munamupeza... kuti madzi ankamuvuta? Kuti akafuna kutaya satuluka, akapanda kufuna ndi pamene atuluka?"

Nkhope zinabwera zokha m'maganizo mwa Che Uladi: uyu wa kuseri kwa dambo, uja ankaitanira swala, amalume awo enieni Che Bakari. Ndipo panali china chimene sankafuna n'kuchiganiza komwe. Iwonso paulendo wa ku Liwonde anali atayamba kutsika njinga pafupipafupi, kuima kuseri kwa chitsamba nthawi yaitali, kotuluka n'timadontho. Anayang'anitsitsa chubu chija ngati chili ndi bowo lina.

"Alamu, mukudziwa. Wosambitsa alibe maso."

"Sindikuti mutchule dzina."

"Alibenso pakamwa."

Che Swaibu anagwedeza mutu, nati, "Basi, ndamva. Ndiye kuti palibe." Anadzuka movutikira, napita. Che Uladi anamuyang'ana kumsana mpaka anakhota kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanamuitane. Ankadziuza kuti asunga ulemu wa akufa. N'zoona ndithu, koma ankasunganso wawo, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero ndikaganiza kuti liwu limodzi lokha likanakwanira.

Munthu akaganiza kuti matenda ndi ake yekha, amafunafuna amene wamupatsa. Miyendo ya Che Swaibu itayamba kutupa, abale ake a kutsidya kwa dambo anabwera, motsogozedwa ndi mng'ono wake Che Juma. Anayang'ana miyendoyo, nayang'anana. Anati iyi ndi ndaka, imene ena amati tsempho: mkazi akayenda njira zamseri n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna amatupa, amadulidwa msana, amafa. Anakaombeza, ndipo woombeza, monga mwa ntchito yake, anawauza zimene anapita nazo.

Kulusumu, mayi wa imvi, wa zidzukulu zotha msinkhu, anayamba waseka poganiza kuti n'zocheza. Anasiya kuseka pamene mwamuna wake anakankha mbale imene anamuikira. Che Swaibu sanakalipe, sanatukwane. Anangomuyang'ana ndi maso a munthu wopwetekedwa, nati, "Ndinakulakwira chiyani, Kulusumu?" Mawa lake abale ake anamunyamula pa machira kupita naye kwawo, ndipo anamuuza mkaziyo kuti phazi lake lisapondeko.

Kuyambira pamenepo Kulusumu anasanduka wina m'mudzi wa amayi ake omwe. Pachitsime nkhani zinkaduka iye akafika. Mkazi wa mwana wake anasiya kutumiza ana kukadya kwa agogo awo. Pa chinkhoswe cha mwana wa mnansi anamupatsa ntchito yotola nkhuni, kuti asayandikire miphika. Anapita kwa mlongo wake akulira.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu. Mungokhala chete?"

"Ndikudziwa kuti sunalakwe," anatero Che Uladi.

"Mukudziwa bwanji? Kawauzenitu!"

Iwo anangoti mlandu suola, tidzaukamba nthawi yake. Anamanga dengu lawo, nanyamuka.

Ulendo umenewo ndi umene unawagwetsa. Madzi anatsekeka kuyambira m'mawa, osatuluka ngakhale dontho. Pofika pamsika wa Liwonde mimba inali itauma gwa, thukuta lili kamukamu, ndipo munthu wolongolola uja anagwada pambali pa dengu lake akubuula ngati ng'ombe. Anzawo ogulitsa nsomba anawakweza pa njinga yawo yomwe n'kuwakankha mpaka kuchipatala. Kumeneko anawalandira Bambo Blasius, wothandiza adokotala, munthu wonenepa wochokera ku Balaka, amene ankagula matemba kwa iwo mwezi ukatha. Anawalowetsa kapaipi, ndipo madzi atayamba kutuluka Che Uladi analira misozi ngati mwana, osadziwa ngati n'chifukwa cha mpumulo kapena manyazi.

Bambo Blasius anafotokoza bwinobwino. Pakhosi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa pulositeti. Munthu akamakula kamatupa n'kutseka njira. Nthawi zina n'kutupa chabe, koma nthawi zina ndi khansa, imene ikachedwa imalowa m'mafupa a msana n'kutupitsa miyendo. Sikachokera kwa mkazi, sikachokera mumchere. Wobwera msanga amathandizidwa, ena amakhala zaka. Anawauza kuti apite ku Zomba akaonedwe ndi adokotala aakulu, ndipo kapaipi akhale nako, ndi kathumba komangirira pamwendo.

"Komatu inu mwandidabwitsa, Che Uladi," anatero akusamba m'manja. "Matendawa timawaona mwa aphunzitsi opuma, akalaliki, anthu a njanji a ku Balaka, ena a ku Phalula. Ochokera kwanu kwa Mposa sindikumbuka kuti ndinaonapo. Timachita kukambirana pano kuti kumeneko amuna ake n'ngolimba. Kapena ndi matemba anuwa?"

Ankanena mokoma mtima, kuti wodwala aseke. Che Uladi anayesa kuseka, koma zinakanika. Kwa Mposa matendawa kunalibe, inde, chifukwa iwo ankawakwirira m'dzenje ndi manja awo. A ku Balaka ankafera pabedi la chipatala, matenda awo n'kutchulidwa dzina. A kwawo ankafa ndi msana.

Ku Zomba anapita. Anawapima, nawauza mosazungulira kuti anachedwa, zalowa kale m'mafupa. Anawapatsa mankhwala oletsa ululu. Ali m'basi pobwerera anatsimikiza mtima kuti akangofika awoloka dambo, akamuuze Che Swaibu zonse. Atafika anati ayambe apumula. Mawa lake anaganiza za kathumba kaja: akakhala pansi pakati pa abale a Che Swaibu, mkanjo n'kukwera, adzaona chiyani? Adzamulolanso ndani munthu wotere kugwira maliro? Anati apita Lachisanu swala ikatha. Lachisanu linadutsa. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu. Uthenga unawapeza akusenda chinangwa pakhonde: Che Swaibu atisiya, bwerani mudzasambitse.

Anawoloka dambo lija tsopano, mwendo ukukoka. M'nyumba ya maliro anakulunga dzanja m'kansalu monga mwa nthawi zonse. Dzanjalo linapeza dzungu lija m'munsi mwa mchombo, linapeza kansanza kaja. Anakamasula, nakaponya m'dzenje, napempha lubani. Kenako anamuveka sanda, nsalu yoyera ija. Kulusumu sanaloledwe kulowa m'nyumba. Analirira mwamuna wake ali patali, pansi pa mtengo wa bwemba, ali ndi mwana wake wamkazi mmodzi yekha.

Nkhani inadzaphulika pa sadaka yotsiriza, imene mabanja awiriwa anayenera kuphika limodzi. Linali dzuwa la masana, amuna atakhala pamikeka pansi pa mango, amayi kuseri ndi miphika ya mpunga. Kulusumu atafika ndi lichero, alongo a malemu anaimirira n'kutchinga miphika. Phokoso litamveka, Che Juma anadzuka pakati pa amuna.

"Mayi ameneyu asagwire chakudya cha sadaka ya munthu amene anamupha yekha. Ndipo lero tisabisane. Che Uladi, thupi munalisambitsa ndinu. Nenani pamaso pa anthu: miyendo ya achimwene inali yotupa kapena iyayi?"

Unali msampha wotchera bwino. Che Uladi akati inde, ndiye kuti ndaka yatsimikizika. Akakhala chete, anthu ati akubisa mlandu wa mlongo wawo. Akati afotokoze za amuna ena onse aja, ndiye kuti avula akufa pamaso pa ana awo, amene anali atakhala pamikeka pomwepo. Anayang'ana kuseri. Kulusumu anali chiimire, lichero lili m'manja, nkhope itagwa ngati ya munthu amene wasiya kuyembekezera chilichonse kwa aliyense.

Che Uladi anagwira ndodo, naimirira.

"Za akufa sindinena, Che Juma. Sindinanenepo, ndipo sindiyamba lero. Ndinena za wamoyo."

Anawerama, nakweza mkanjo mpaka m'mawondo. Miyendo inali yotupa, yonyezimira. Pa mwendo wamanzere panali kathumba kaja, komangidwa ndi chingwe cha chubu cha njinga, mkodzo wofiirira uli m'kati, kapaipi kakukwera kulowa m'zovala. Wina anati, "Astaghafiru!" Ena anatembenuza nkhope. Shehe anayang'ana pansi.

"Yang'anani, musathawe. Madzi anga satuluka okha. Msana wanga ukudyeka. Mkazi wanga Lukiya anapita chaka chimene Chilwa inaphwa, nonse mukudziwa. Mchere ndimathira ndekha, mwakhala mukundiseka nazo zaka zonsezi. Tsono ndiuzeni, Che Juma, ine wandidula ndani?"

Che Juma anayang'ana kumbali, ndipo Che Uladi anapitiriza.

"Kuchipatala ali nalo dzina lake. Akuti ndi matenda a amuna akamakula, ndipo wopita msanga amathandizidwa. Akutinso kuno kwa Mposa kulibe." Anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Ine sinditchula munthu. Koma pamikeka pano pali amuna amene akudziwa chimene amanga m'kati mwa mikanjo yawo m'mawa uno. Mlongo wanga sanawaphikirepo."

Amayi kuseri analeka kugwedeza zikombe. Madoda ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Patapita nthawi, Che Usumani, mkulu wa onse pamenepo, amenenso anali atasiya mzere wakutsogolo chaka chapitacho ponena kuti mawondo akuwavuta, anakweza mutu. Sanavomere kanthu, sanakane kanthu. Anangoitana mokweza kuti, "Mayi Kulusumu, tatigawireni mpunga. Wanga muike ndi dzanja lanu." Alongo a malemu anapatuka pang'onopang'ono. Kulusumu anagawa, ndipo Che Usumani anadya anthu onse akuona. Che Juma sanadye. Anachoka ndi anthu ake angapo, akung'ung'udza kuti za kuchipatala n'za kuchipatala.

Musaganize kuti mudzi unasintha tsiku limenelo. Che Uladi sanaitanidwenso kukasambitsa. Shehe ananena ndithu kuti wodwala chotere chipembedzo chimamukhululukira, akhoza kuswali ndi kugwira ntchito yake, koma mabanja ankangotuma kwa wina mwakachetechete. Amuna ena ankawalambalala panjira, ngati kuti akawayang'ana m'maso awaona m'kati mwa zovala. Awiri kapena atatu anabwera pakhonde, kuyamba ndi za mbalame za mumpunga, kutsiriza ndi kufunsa kuti munthu akafika ku Liwonde amafunsa ndani. Mmodzi wa iwo anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulutudzi. Ena ambiri anapitiriza kufa ndi msana.

Kulusumu anabwerera pachitsime, zidzukulu zinabwerera pa mbale yake. Mlongo wake atalephera kudzuka, ndi iye amene ankamutembenuza, kumuchapira, kumuphikira phala, ndipo za mchere wochuluka sizinatchulidwenso. Sankayankhula zambiri. Che Uladi ankaona kuti pali chimene chatsala pakati pawo, ndipo masana ena, mvula yoyamba ikununkhira, anayesa kuchitsegula.

"Dzina lako linayera, Kulusumu. Mudzi wonse unamva."

Kulusumu anapitiriza kufinya nsalu m'beseni. Anaiyanika pachingwe, naiwongola m'mbali, kenako anabwera kudzakhala pamphepete pa mphasa.

"Tsiku lisanafike loti amunyamule, bambo a ana anga anandiuza kanthu," anatero. "Anati, 'Ndinafunsa alamu, amene aona matupi a amuna onse a kuno. Akanakhala kuti anaonapo zotere mwa wina, akanandiuza, poti amandikonda. Ndiye ndi ine ndekha. Ndiye ndiwe.'"

Che Uladi anatseka maso. Zikhatho zazikulu zija zinali pachifuwa, zopanda ntchito.

"Mudzi unamva, achimwene, zikomo," anatero Kulusumu, mawu ali pansipansi. "Nanga iye uja akamuuza ndani?"

Che Uladi anamwalira mpunga usanache, ndipo amene anawasambitsa sanapeze chilichonse chimene mudzi sunkachidziwa kale.